Ufumu wa Tionekere Ufika pa Tsamba Loyamba

Mukatambasula mapu n'kuyang'ana pakati penipeni, pamene pepala limapindika n'kuyamba kung'ambika, m'pamene pali Ufumu wa Tionekere. Ndi dziko laling'ono, la dzuwa labwino, la anthu aulemu kwambiri moti wina akakupondani phazi, opepesa mumakhala inuyo. Lazunguliridwa ndi mayiko atatu: Mwadyakale kumpoto, Bweranimawa kum'mawa ndi Tilibemlandu kumwera, lililonse ndi chilankhulo chakechake. Kumadzulo kuli phiri, ndipo ndi mnansi yekhayo amene sanayambanepo ndi Tionekere.

Chipwirikiti chinayambira pa msonkhano wa mafumu anayi ku Mwadyakale. Atatha kudya ndi kusayina mapepala amene palibe anawawerenga, mafumuwo anayamba kuseweretsa mafoni. Kuchigawo chimenecho makina ofufuzira zinthu pa intaneti amawatcha Kafufuza. Ukalemba funso, Kafufuza amakundandalikira masamba amene akuganiza kuti ali ndi yankho, abwino pamwamba, otsalawo pansi. Mfumu ya ku Mwadyakale inalemba dzina la dziko lake, tsamba la boma lake linatulukira pamwamba. Ya ku Bweranimawa chimodzimodzi, ya ku Tilibemlandu chimodzimodzi. Kenaka onse atatu anatembenukira kwa Mfumu Mtamandeni Wachinayi wa ku Tionekere, amene anali atayamba kale kukonza mikanda yake ya m'khosi.

"Achimwene, tiyeni tione kwanu," inatero ya ku Mwadyakale.

Analemba kuti Tionekere. Pamwamba penipeni panatuluka chithunzi cha mayi wina wa duku lofiira, atanyamula lichero la tsabola wa kambuzi, akuseka mano onse pamtunda. Pansi pake panalembedwa kuti: "Nangozo wa ku Tionekere, tsabola woliza amuna." Anayesa pa foni yachiwiri, m'chilankhulo cha ku Bweranimawa, mayi yemweyo. Pa yachitatu, mayi yemweyo, lichero lomwelo. Tsamba la boma la Tionekere analipeza zala zitatopa, pa nambala naintini, pansi pa tsamba la bambo wina wokonza maambulera.

"Pepani achimwene," inatero ya ku Tilibemlandu ikupukuta misozi ya phwete, "koma mayiwa ndiye mfumukazi yanu?"

Mfumu Mtamandeni inabwerera kwawo itatupa ngati chule. Tsiku lotsatira inaitanitsa bwalo la nduna.

Apa ndiyenera kukuuzani za Lamulo la Malonje, chifukwa popanda ilo nkhaniyi sikadakhalapo. Ku Tionekere chilichonse cholankhulidwa kapena kulembedwa m'dzina la boma chimayamba ndi maina onse aulemu a Mfumu, ndipo mainawo alipo mazana awiri ndi khumi ndi awiri. Njovu Yosapunthwa, Mvula ya M'chilimwe, Mthunzi Woyenda Wokha, Mphunzitsi wa Aphunzitsi, Iye Amene Udzudzu Umamupempha Chilolezo, mpaka kumapeto. Kalata yopempha tchuthi imayamba choncho. Chikwangwani cholozera kuchimbudzi cha pabwalo la milandu chimayamba choncho, ndipo ambiri amafika pa muvi wolozerawo zinthu zitavuta kale. Motero bwalo limene linayamba m'mawa linafika pa nkhani ya tsabola dzuwa lili paliwombo.

Woyamba kuima anali a Gwadani, Nduna ya Ulemu ndi Kutchuka Kunja, munthu amene mathalauza ake onse anatha m'mawondo asanathe kumatako.

"Gogo," anatero atamaliza malonje, akupuma wefuwefu, "uku ndi kugalukira. Kafufuza ameneyu amangidwe lero lomwe."

"Amangidwe!" linavomera bwalo.

"Amakhala kuti?" inafunsa Mfumu.

Nduna ya Chitetezo inati ili ndi umboni woti amakhala kunja. Nduna ya Zaulimi inati ngati ndi munthu wamkulu chotero, mwina wangokhumudwa kuti sitinakamuonepo, pajatu kwa mfumu sapita chimanjamanja. Apo m'pamene wina anakumbukira kuti boma lili ndi munthu amene amalipidwa kuti azidziwa zimenezi, ndipo anathamangira kukamuitana.

Munthuyo anali Felesiya Kambalame, woyang'anira tsamba la boma la pa intaneti. Ofesi yake inali kuseri kwa nyumba yachifumu, pakati pa khitchini ndi khola la nkhanga. Anali mayi wochepa thupi, wa magalasi omangidwa ndi ulusi mbali imodzi, wodziwa ntchito yake, ndipo chifukwa cha ichi palibe anamufunsapo maganizo kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Anagwada, anatchula maina onse osaphonya, kenaka analankhula.

"Gogo, Kafufuza si munthu, ndi makina. Amalowa pa tsamba lililonse n'kuwerenga koyambirira kuti adziwe kuti tsambalo likunena za chiyani. Ife tili ndi masamba zikwi ziwiri: la chipatala, la misewu, la sukulu, la alendo. Onsewo amayamba ndi mawu ofanana, maina anu aulemu. Ndiye iye amaona ngati ndi tsamba limodzi lomwelo talibwereza kambirimbiri, basi amatitaya pansi. Anthu nawonso akatsegula amathawa asanafike pa dzina lakhumi."

"Amathawa?" inatero Mfumu.

"Mwina ndi mantha a ulemerero, Gogo," anadumphira a Gwadani.

"Chinanso," anapitiriza Felesiya, "mayiko atatuwa timawatumizira tsamba limodzi, m'chilankhulo chathu. Wa ku Mwadyakale amafunsa zake m'chilankhulo chake, wa ku Tilibemlandu zake. Pafunika dziko lililonse likhale ndi khomo lake, lolankhula monga amalankhulira eni ake, loyamba ndi zimene iwo akufuna."

"Ndiye maina anga apite kuti?"

"Akhoza kutsikirako pansi pang'ono, Gogo."

Nduna ina inakomoka. Ina inakomoka itaona kuti kukomoka kwa mnzakeyo kwaisangalatsa Mfumu. A Gwadani anagwira pamtima n'kupempha madzi.

Mfumu inaimirira. Inati pakatha masiku makumi anayi kudzakhala chikondwerero chokumbukira tsiku limene inalongedwa ufumu, ndipo mafumu atatu aja adzabwera. Pa tsikulo, pamaso pa dziko lonse, adzalemba dzina la Tionekere pa mafoni atatu aja, ndipo tsamba la boma lidzatuluke pamwamba m'mayiko onse atatu. Dzina laulemu ngakhale limodzi lisasunthe. "Zikakanika, mayi iwe, ukagwira ntchito ku Kulibenetiweki."

Kulibenetiweki ndi kaboma ka kuseri kwa phiri lija, kumene foni imasanduka tochi. Amene ankagwira ntchito ya Felesiya iye asanabwere anatumizidwa komweko, ndipo chichokereni palibe anamvapo za iye, osati chifukwa chakuti anamwalira, koma chifukwa analibe poimbira. Kwa munthu amene moyo wake wonse unali pa laputopu, kumeneko kunali kumuika m'manda ali maso.

A Gwadani, poona kuti nkhaniyi ingabale mendulo, anailanda. M'sabata yoyamba anatulutsa malamulo atatu. Loyamba linati maina aulemu awamasulire m'zilankhulo zitatu zija n'kuwaika onse pamwamba pa tsamba lililonse, moti malonje anatalika kanayi. Lachiwiri linati nzika iliyonse izilemba dzina la Mfumu pa Kafufuza katatu patsiku, m'mawa, masana ndi madzulo, monga amamwera mankhwala. Lachitatu linasankha nthumwi zisanu ndi ziwiri kuti zinyamule mbuzi yoyera, zikafufuze mudzi wa Kafufuza, zikapepese.

Ku msika waukulu wa Tsitsakoni lamulo lachiwiri analilandira ndi manja awiri. Belu likalira, ogulitsa onse ankasiya makasitomala n'kutulutsa mafoni.

"Ine yanga ndi ya mabatani, ilibe intaneti," anatero wogulitsa makala, "koma ndimalembabe. Ndimatumiza kwa alamu anga."

"Akuti chiyani alamu anuwo?" anafunsa mnzake.

"Anandibuloka."

Wometa wina anasiya kasitomala mutu uli theka kuti akwaniritse lamulo la masana. Kasitomalayo atadandaula, wometayo anati, "Bwana, tsitsi limamera. Dziko likasowa pa intaneti silimeranso."

Nthumwi zija zinabwerako patatha sabata ziwiri zitanenepa, zilibe mbuzi. Zinapereka lipoti loti zokambirana zinayenda bwino ndipo Kafufuza walonjeza kuliganizira pempholo. Tsiku lomwelo Felesiya anayang'ana: tsamba la boma linali litachoka pa naintini kupita pa sate-folo. Wokonza maambulera uja anali atawasiya kutali.

Masiku atatsala makumi awiri ndi awiri, Felesiya anachita zimene wogwira ntchito m'boma la Tionekere sachita: anatuluka muofesi kukafunsa munthu wamba. Nangozo anamupeza ku Tsitsakoni, pa benchi yake pafupi ndi ogulitsa usipa, duku lofiira lomwe lija, akudina foni yong'aluka galasi ndi chala chimodzi uku dzanja lina likuthamangitsa ntchentche.

"Mayi, ine ndine wa boma," anayamba Felesiya.

"Mayo! Ndiye khalani pansi achemwali, maina aja ndi ambiri."

"Ayi, lero ndabwera ngati munthu. Ndithandizeni. Munatani kuti mukhale pamwamba m'mayiko atatu? Munalemba ganyu akatswiri?"

Nangozo anaseka mpaka kutsokomola. "Akatswiri a chiyani? Ine Kafufuza wanuyo sindimudziwa n'komwe. Ndimangoyankha zimene anthu amandifunsa. Onani." Anamuonetsa foni. "A ku Mwadyakale ndi a malole, amagula matumba, funso lawo n'loti kodi alipo wambiri. Khomo lawo ndi ili, ndinalemba m'chilankhulo chawo, mawu oyamba: alipo, bwerani ndi lole. A ku Bweranimawa amafuna wosinja, amayeza ndi kapu, ndipo amakonda kunyengerera, ndiye iwo ndimayamba n'kuwapatsa moni wa kwawo. A ku Tilibemlandu sadya tsabola, amamwetsa nkhuku zikadwala. Mukawauza kuti ndi wokoma mwawataya. Iwo mumawauza kuti nkhuku imadzuka."

"Zilankhulozi munaziphunzira kuti?"

"Pa benchi pano. Munthu akagwira chikwama, chilankhulo chake chimamveka chokha. Nanga inu a boma, anthu akunjawa amakufunsani chiyani?"

Zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo funso limeneli silinamufikepo Felesiya m'mutu. Anachita manyazi kwambiri moti anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta.

"Safunsa anadya phula, achemwali," anatero Nangozo. "Tsegulani chimakina chanucho tione."

Anaika laputopu pa thumba la tsabola. Kafufuza ali ndi malo amene amaonetsa zimene anthu a dziko lililonse amafunsa kawirikawiri, ndipo Felesiya anatsegula pamenepo. Amayi a usipa anasonkhana kumbuyo kwake. Za Njovu Yosapunthwa panalibe anafunsapo, ngakhale mmodzi. Mayiko onse atatu ankafunsa za chinthu chimodzi, mlatho wa pa Vulansapato.

Vulansapato ndi mtsinje umene uli pakhomo pa likulu. Misewu yochokera kumayiko atatu aja imakumana tsidya lina, ndipo aliyense wofuna kufika ku Tsitsakoni ayenera kuwoloka. Mlatho wake unagwa zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Chigwereni, Mfumu inaikapo mwala wa maziko kanayi, kanayi konseko itabwera pa helikopita, ndipo m'mabuku a boma mlathowo unatha kalekale, unapakidwanso penti. Anthu ankangovula nsapato, kukwinya zovala, kusenza katundu n'kulowa m'madzi. Felesiya yemwe ankakhala tsidya linalo, ndipo m'mawa uliwonse ankawoloka laputopu ili pamutu.

A ku Mwadyakale ankafunsa kuti: kodi lole ingawoloke pa Vulansapato? A ku Bweranimawa, amene ali ndi abale ambiri ku Tionekere ndipo sasowa pa maliro ndi pa ukwati, ankafunsa kuti: madzi afika pati lero? A ku Tilibemlandu, anthu osamala moyo, ankafunsa kuti: muli ng'ona zingati?

"Ndi zimenezotu," anatero Nangozo. "Ayankheni."

"Sindingathe, mayi. Lamulo la Malonje. Ndisanafike pa ng'ona ndiyenera kudutsa maina onse."

"Iii, koma anthu ophunziranu! Nanga njoka ikalowa m'nyumba yachifumu mumayamba ndi Njovu Yosapunthwa?"

Felesiya anaima chilili, laputopu inatsala pang'ono kugwera mu usipa. Zoonadi, lamulolo lili ndi kachibowo kamodzi. Pa nthawi ya Mtamandeni Wachiwiri nkhokwe zonse zachifumu zinapsa wamthenga ali pa dzina la makumi asanu, akuyesetsa kufika pa mawu akuti moto. Chiyambire pamenepo, mfuwu wochenjeza za ngozi umaloledwa kuyamba wopanda malonje. Moto, njoka, galu wachiwewe. Ndipo mlatho wakugwa wokhala ndi ng'ona pansi pake, ukapanda kukhala ngozi ndiye ngozi n'chiyani? Anampsompsona Nangozo pa duku n'kuthamanga, akuyetsemula tsabola njira yonse.

Tsiku lomwelo anatsegula makomo atatu pa tsamba la boma, lililonse ndi adiresi yake, lililonse m'chilankhulo cha eni ake, pamwamba pa lililonse mawu akuti CHENJEZO. Anaika zizindikiro zouza Kafufuza kuti khomo ili ndi la a ku Mwadyakale, ili la a ku Bweranimawa, ili la a ku Tilibemlandu, asawasokoneze. Zilankhulozo anamuwongolera Nangozo, amene anakana mawu a m'mabuku nati, "Oyendetsa malole salankhula choncho." Khomo loyamba linati: "Kodi lole ingawoloke? Ayi. Mlatho sunakonzedwe." Lachiwiri linati: "Madzi lero: m'chiuno." Lachitatu linati: "Ng'ona: ziwiri. Yaikulu imakonda mbali ya kumtunda."

M'mawa uliwonse powoloka ankadziyeza yekha, akafika kumtunda n'kulemba. M'mawondo. M'chiuno. M'khwapa, ana asawoloke. Nangozo anaika pa tsamba lake kanjira kolozera ku masamba atatuwo, oyendetsa malole anayamba kutumizirana, mipingo ya ku Bweranimawa inayamba kuwawerenga pa zolengeza. Kafufuza ataona kuti anthu akulowa ndipo sakuthawa, anayamba kulikweza boma: sate-folo, twente, leveni, sikisi. Wokonza maambulera anamudutsa Lachitatu lina. Kwa nthawi yoyamba pa ntchito yake, Felesiya ankaimba nyimbo muofesi mpaka nkhanga kumuyankha. Kunyumba yachifumu palibe anatsegula masambawo. Kumeneko ankangofunsa nambala, akamva kuti yakwera a Gwadani ankapita kukauza Mfumu kuti mbuzi ija yayamba kugwira ntchito.

Tsiku la chikondwerero bwalo la masewero linadzaza mpaka m'mitengo. Mafumu atatu anatera pa helikopita zawo. Kutsogolo kunali chinsalu chachikulu choonetsera zimene zili pa foni. Kumbuyo kwa nsanja a Gwadani anali ataimitsa lole ya boma, mphasa ndi mapoto a Felesiya zitakwezedwa kale, dalaivala ali pa chiwongolero, kuti zikavuta pasakhale kuchedwa. Felesiya anaiona loleyo. Dzulo lake tsamba la boma linali pa nambala thuu m'mayiko onse atatu, pansi pa Nangozo.

Malonje anatenga maola awiri. Kenaka Mfumu ya ku Mwadyakale inatulutsa foni, ikumwetulira kale, n'kulemba kuti Tionekere.

Pamwamba panatuluka chidindo cha boma, njovu itaima pa chulu.

Ya ku Bweranimawa inalemba. Njovu. Ya ku Tilibemlandu inalemba kawiri, inagwedeza foni, inalembanso. Njovu.

Bwalo linaphulika. Ng'oma, malipenga, nthungululu, zipewa m'mwamba. Nduna zinakumbatirana, zina zinayambanso kukomoka mwa chizolowezi. Mfumu Mtamandeni inataya ndodo n'kutsika pa nsanja kukavina, mikanda ikuuluka, ikuloza mafumu anzake mmodzimmodzi. "Nambala wani! Kwanu komwe! M'chilankhulo chanu chomwe!" A Gwadani analanda maikolofoni n'kulengeza kuti dzina laulemu la mazana awiri ndi khumi ndi atatu labadwa: Wogonjetsa Tsabola. Nangozo, ali pa mpanda ndi amayi a usipa, anaimba nthungululu kuposa onse. "Alekerenji kundiposa," anatero, "ndinawaphunzitsa ndine!" Felesiya anakhala pansi pa udzu n'kulira ndi chimwemwe. Dalaivala wa lole anazimitsa injini.

Phokoso litatsika, Mfumu ya ku Tilibemlandu inakweza dzanja. "Achimwene, mwawina, manyazi ndi athu. Koma tatsegulani timve zimene tsamba lopambanali likunena."

Anadina. Mawu anadzaza chinsalu chonse, ndipo womasulira, munthu wokhulupirika pa ntchito yake, anawawerenga mokweza.

"Chenjezo. Ng'ona: ziwiri. Yaikulu imakonda mbali ya kumtunda."

Ng'oma imodzi inalirabe kawiri, n'kuleka. Anatsegula la ku Bweranimawa. "Madzi lero: m'chiuno." La ku Mwadyakale. "Kodi lole ingawoloke? Ayi. Mlatho sunakonzedwe."

"Mlatho uti?" inafunsa Mfumu Mtamandeni.

A Gwadani anayamba malonje kuyambira pa Njovu Yosapunthwa, pofuna kugula maola awiri, koma Mfumu inawadula ndi dzanja.

"Wa pa Vulansapato? Umene ndinaika mwala kanayi? Anthu anga akuwoloka pansi? Ndi ng'ona?" Inayang'ana khamu, ndipo kwa nthawi yoyamba inaona kuti theka la anthuwo linali ndi zovala zonyowa kuyambira m'chiuno kutsika. Nkhope yake inagwa. Ndinene zoona, munthuyu sanali wouma mtima, kungoti palibe chimene chinkamufika chisanadutse maina mazana awiri. "Ukonzedwe!" inakuwa. "Mawa lomwe ntchito iyambe!"

Chisangalalo choyamba chija chinali cholamulidwa, koma ichi chinali chenicheni. Azimayi anayala zitenje pansi. Wogulitsa makala ananyamula wometa uja m'mwamba. Anthu amene anataya mbuzi, njinga ndi abale mu Vulansapato ankalira poyera osabisa. Mfumu inaitana Felesiya pa nsanja, inamukoleka mendulo, inamutcha Mlembi Wamkulu wa Makomo Atatu, n'kulamula kuti mapoto ake atsitsidwe mu lole. Kenaka, ikumugwira dzanja, maikolofoni ali pakati pawo, inafunsa mosewera:

"Ndiye mlathowu ukatha, tikhalabe nambala wani, eti?"

Wogwira ntchito m'boma wina aliyense akadati inde Gogo, mpaka muyaya. A Gwadani anali akumugwedezera mutu kuti atero. Koma Felesiya anali atatha masabata atatu akuyankha mafunso monga afunsidwira, m'mawa uliwonse, ndipo lilime linali litazolowera.

"Ayi, Gogo. Ukatha anthu adzasiya kufunsa. Adzangowoloka."

"Ndiye pamwamba padzakhala ndani?"

Maso a bwalo lonse anapita ku mpanda, pa duku lofiira.

Mfumu inayang'ana anthu ake onyowa. Inayang'ana mafumu atatu aja, amene anali atayambanso kumwetulira. Inayang'ana njovu pa chinsalu. Kenaka inatola ndodo yake.

"Tamverani. Mlatho wa pa Vulansapato ndi chuma cha dziko. Ndi umene watitchukitsa kunja. Kuyambira lero ukhale mmene ulilimo, ndipo aliyense woikapo thabwa adzayankha mlandu wowononga mbiri ya ufumu. Ng'ona ziwirizo zilowe m'gulu la ogwira ntchito m'boma."

"Nzeru zakuya, Gogo!" anakuwa a Gwadani, ndipo gulu la malipenga, limene limalipidwa kuti liziimba Mfumu ikamaliza kulankhula, linaimba.

Azimayi anatola zitenje zawo n'kuzikung'untha. Wogulitsa makala anamutsitsa wometa uja. Khamu linayamba kutuluka mwakachetechete kuti likawoloke kusanade, ndipo Felesiya anatsika pa nsanja mendulo ikumulemera ngati mwala wa mphero. Ntchito anali nayo, Kulibenetiweki anali atapulumukako, koma mtima unkamuwawa kuposa tsiku limene anaopsezedwa. Pa chipata anakumana ndi Nangozo akumanga nsapato zake m'chitenje.

"Mayi, pepani. Ndalakwitsa."

"Simunaname, achemwali. Kungoti ine ndinati muziyankha makasitomala. Mfumu si kasitomala, sigula kanthu."

Felesiya asanapite patali, a Gwadani anamupeza akuthamanga, thukuta lili kamukamu. Anati Mfumu yaganizanso mozama. Tsamba likanena kuti mlatho sudzakonzedwa, anthu akunja adzataya mtima n'kusiya kufunsa, nambala idzagwa. Likanena kuti wakonzedwa, adzasiyanso kufunsa. Pafunika mawu oti munthu akawerenga lero, mawa abwerenso kudzaona.

"Mawu ake ati, bwana?"

"Aaa, mayi, mwakhala m'boma zaka zonsezi osawadziwa?"

Ankawadziwa. Anakhala pa mwala m'mbali mwa mtsinje, pakati pa anthu ovula nsapato, anatsegula laputopu pa mawondo, ndipo pa makomo onse atatu, m'zilankhulo zonse zitatu, analemba kuti: "Mlatho sunakonzedwe, koma ukonzedwa posachedwapa."